Dedza kapena Salima: kuti banja lidzidyetse lokha, likakhazikike kuti?

Anthu ambiri amene akuganiza zochoka mu Lilongwe kuti akakhale pa munda wawo amafika posankha pakati pa maboma awiriwa, chifukwa onse ali pafupi ndi likulu: Dedza ali pa msewu wa M1, mtunda wa makilomita pafupifupi 85, pamene Salima ali pa M14, pafupifupi makilomita 100.

Kumtunda kwa Dedza ndi kozizira, popeza tawuniyo ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600, ndipo kuzizirako ndiko kumapatsa banja chakudya chosiyanasiyana. Ku Bembeke ndi madera ozungulira kumalimidwa mbatata ya kachewere, nyemba, kabichi ndi tomato, kotero kuti munthu amene ali ndi dimba labwino m'dambo angathe kudya ndiwo zake chaka chonse, nkumagulitsa zotsala pa msika wa Chimbiya kapena wa Lizulu. Udzudzu nawonso suchuluka ngati kunyanja. Vuto ndi malo: minda ndi yaing'ono, yambiri ili pa mtsetse pomwe nthaka imakokoloka ngati palibe akalozera ndi udzu wa vetiva, ndipo pafupifupi dambo lililonse lili kale ndi eni ake.

Ku Salima, komwe kuli pa mamita pafupifupi 500, malo athyathyathya amapezeka mosavuta, mpunga umachita bwino ngati ku Lifuwu, mango ndi ochuluka, mbuzi zimaswana, ndipo usipa suchokera kutali. Koma kutentha kwa mu Okutobala kumaumitsa dimba msanga, malungo amatha kugoneka banja lonse pa nthawi yopalira, ndipo amene amanga nyumba pafupi ndi mtsinje wa Linthipe ayenera kuyamba wafunsa akuluakulu a m'mudzimo pomwe madzi osefukira amafika.

Dzina la boma palokha lingasocheretse, chifukwa Golomoti ndi Mtakataka ali m'boma la Dedza, koma nyengo yake ndi ya kunyanja, yofanana ndi ya ku Salima.

Kwa banja lofuna kudya zolima lokha, ine ndingasankhe kumtunda kwa Dedza, ngakhale munda utakhala wochepa, malinga ngati uli ndi madzi osaphwa. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti malo akaonedwe mu Okutobala, pamene chitsime ndi mjigo zimaonetsa mphamvu yake yeniyeni, osati mu Febuluwale pomwe paliponse pamakhala pobiriwira. Ndipo popeza malo ambiri m'maboma onsewa ndi a makolo, omwe kawirikawiri amatsata kuchikazi, mawu a munthu mmodzi sakwanira: mwinimbumba, nyakwawa ndi ofesi ya za malo ya pa boma onse ayenera kuvomereza ndalama zisanaperekedwe.