Git ndi mafayilo osinthidwa mayina: nyenyezi zinayi pa zisanu

Ndagwiritsa ntchito Git, chida chosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo, pokonzanso pulogalamu yaikulu, ntchito ija yoti mafayilo mazanamazana achoke m'mafoda akale, ena asinthe mayina, ena agawidwe pawiri. Ndemangayi ikukhudza funso limodzi lokha: kodi Git imazindikira kuti fayilo yatsopanoyi ndi yomwe ija yakale? Nthawi zambiri imazindikira, koma nyenyezi yachisanu ndaimana dala.

Git silemba paliponse kuti fayilo yasintha dzina. Linus Torvalds poyambitsa Git mu 2005 anasankha kuti commit iliyonse, kutanthauza gawo limodzi la mbiri yosungidwayo, izingosunga mmene mafayilo onse alili pa nthawiyo, basi. Lamulo la git mv, lomwe ambiri amalidalira ngati loteteza mbiri, limangosuntha fayilo, kuchotsa dzina lakale mu index (mndandanda wa zoti zilowe mu commit yotsatira) n'kuikamo latsopano. Mutasuntha fayiloyo pamanja n'kuchita git add, zotsatira zake zimakhala zomwezo. Pa zida zina zofanana ndi Git, Mercurial, yomwenso inatuluka mu 2005, imalemba m'mbiri mukagwiritsa ntchito hg mv, ndipo Subversion imakumbukira kumene fayilo inakopedwa. Git imadikira kuti mufunse, kenako imayerekeza. Ikaona fayilo yasowa apa ndipo ina yatulukira apo, imayeza zam'kati mwake, ndipo zikafanana 50 peresenti kapena kupitirira imagamula kuti ndi fayilo imodzi. Mukalemba git diff --name-status mumaona R100 pa fayilo yongosunthidwa, kapena R087 pa imene yasinthakonso pang'ono.

Njirayi ili ndi ubwino umene ndinayamba kuuona pogwira ntchito ndi anzanga. Munthu akasuntha mafayilo ndi IDE yake (pulogalamu yolemberamo code), kapena ndi script, palibe chimene chimasokonekera, chifukwa panalibe choti aiwale kulemba. Mafayilo amene sanasinthe m'kati amapezedwa mwachangu poyang'ana hash yokha, nambala yozindikiritsa zam'kati mwa fayilo. Malire a 50 aja mungawakweze kapena kuwatsitsa, -M90% kapena -M30%, ngakhale pa commit yakalekale. Ndipo git blame, imene imasonyeza amene analemba mzere uliwonse, mukaipatsa -C imalondola mizere imene inachoka mu fayilo ina n'kulowa mu ina, zomwe zinandithandiza kwambiri pa mafayilo ogawidwa pawiri aja.

Vuto limabwera mukasuntha ndi kusintha pakamodzi. M'chinenero cholembera mapulogalamu cha Java, mwachitsanzo, kusamutsa class kumasinthanso mzere wa package ndi ma import. Pa fayilo yaitali zimenezi n'zochepa, koma pa kafayilo ka mizere khumi kufananako kumatha kugwa pansi pa theka, ndipo Git imangonena kuti ina yafufutidwa, ina yalengedwa. Mukawonjezapo chida chokonza indentation (mipata ya kumayambiriro kwa mizere), ngakhale mafayilo aakulu amatayika. Timafayilo tofanana kwambiri, ngati ta config, nthawi zina timalumikizidwa ndi mbiri ya tinzake.

Malangizo odziwika ndi akuti kusuntha kukhale ndi commit yakeyake, kusintha zam'kati kubwere pambuyo. Ndi oona, koma amagwira ntchito theka lokha, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Malamulo a git log --follow, git blame ndi git rebase amayenda commit imodziimodzi, choncho amapindula nawo. Koma git merge, imene imaphatikiza nthambi ziwiri za ntchito (ma branch), siyenda choncho. Imayang'ana malo atatu okha: pamene nthambi ziwirizo zinasiyanirana, ndi nsonga za nthambi zonse ziwiri. Ngati munasuntha fayilo mwaukhondo kenako n'kuilemberanso yonse, mnzanu amene wakhalitsa pa nthambi yake adzakumanabe ndi conflict (kusemphana kwa zosintha) yonena kuti fayilo imene iye wasintha inu munaifufuta. Chimene chinatithandiza ndi kulowetsa commit yosunthayo mu nthambi yaikulu payokha, aliyense n'kuikokera ku nthambi yake tsiku lomwelo, tisanakhudze mzere uliwonse.

Nayo git log --follow, yolondola mbiri ya fayilo ngakhale itasintha dzina, ndi yofooka. Imalandira fayilo imodzi yokha, foda ayi, ndipo m'mbiri yokhala ndi nthambi zambiri zophatikizana imatha kusochera. Kwa chida chimene chakhalapo chiyambire 2005, apa ndiye pachoka nyenyezi ija.

Palinso malire a chiwerengero. Kuyeza fayilo iliyonse yosowa ndi iliyonse yatsopano kumadya nthawi, motero mafayilo akachuluka kuposa diff.renameLimit kapena merge.renameLimit, Git imasiya kuyerekezako n'kulemba kachenjezo kakang'ono kosavuta kukaphonya pakati pa mndandanda wa ma conflict. Mukaona mafayilo ochuluka mwadzidzidzi akuoneka ngati ofufutidwa, bwezani merge, kwezani malirewo, yambaninso.

Mtundu wa Git umene muli nawo ndi wofunika kwambiri pa nkhani imeneyi. Kuyambira 2.9 git diff imazindikira mayina osinthidwa popanda kuiuza. Mtundu wa 2.18 wa mu 2018 unabweretsa kuzindikira kuti foda yonse yasamuka, moti fayilo yatsopano imene mnzanu anaika mu foda yakale Git imadziwa kumene iyenera kupita. Kenako 2.34 ya mu 2021 inayamba kuphatikiza nthambi ndi njira ya ort, yolembedwa ndi Elijah Newren, yomwe imathamanga kwambiri mafayilo osunthidwa akachuluka. Amene mudakali pa mtundu wakale, sinthani kaye musanayambe ntchito yotere.

Pa Windows ndi macOS, kusintha chilembo chachikulu kukhala chaching'ono, ngati Config.js kukhala config.js, nthawi zambiri sikuoneka n'komwe mukachita pamanja. Apa pokha ndi pamene git mv imafunikadi. Ndipo commit yongokonza maonekedwe a code ilembeni mu fayilo ya .git-blame-ignore-revs, imene git blame imatha kuwerenga mukaiuza kutero, kuyambira mtundu wa 2.23, kuti dzina la wokonzayo lisaphimbe amene analemba mizereyo.