Mchere wa agwape uja: amabweradi, koma dzenje lake landitopetsa

Achimwene ena omwe timagwira nawo ntchito ku South Bend andifunsa ngati nawonso agule mchere wa agwape uja ndinathira mu Malichi pamalo omwe timachita lendi kuti tizisakapo kuno ku Indiana m'dziko la America, ndiye ndati ndingolemba zonse bwinobwino chifukwa yankho lake si eya kapena ayi basi.

Kubwera amabweradi, pamenepo palibe bodza. Ndinathira pachitsa chowola pafupi ndi kanjira kawo kopita kumadzi ndipo kamera yomwe ndinatchera pamalopo sinachedwe kuwajambula. Nthawi yomwe amaufuna kwambiri ndi Epulo mpaka Ogasiti, msipu ukakhala wanthete umakhala ndi madzi ambiri komanso potaziyamu ndiye thupi lawo limalakalaka mchere, ndi nthawi yomweyonso amphongo akumera nyanga, aakazi akuyamwitsa ana obadwa kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni. Mu Julayi kamera inagwira mayi ndi tiana tiwiri tamawangamawanga tikunyambita chitsa chija, tsiku limenelo ndinati ndalama yanga yagwira ntchito. Ikamafika Seputembala amayamba kuchepa okha.

Koma vuto ndi ili abale. Lamulo la Indiana silola kusaka agwape pomwe pali nyambo, ndipo mchere amauwerenga ngati nyambo. Umayenera kuchotsa mcherewo pamodzi ndi dothi lomwe walowamo, ndipo ukachotsa malowo amatengedwabe ngati a nyambo kwa masiku 10. Kusaka ndi uta kumayamba pa 1 Okutobala ndiye pakati pa Seputembala fosholo ikhale ili m'manja. Tsono mvula ya miyezi yonse ija inali italowetsa mcherewo pansi, agwape atamaliza wapamwamba anayamba kudya dothi lenilenilo, kupalasa ndi ziboda mpaka chitsa chinazuka, panatsala dzenje ngati pomwe anyamata akumba mbewa. Ndinakumba, kutuluka nalo dothi pa wilibala, kukwirira ndi lina latsopano, koma kuyang'ana kamera akubwerabe kudzapalasa pomwepo. Ukumba mpaka pati kuti unene kuti mchere watha? Ine sindinafune kukangana ndi aboma, tinangosamutsa kansanja kathu kamumtengo kupita mbali ina, mtengo wabwino uja tinausiya chaka chonse. Zinandiwawa kwambiri.

Za nyanga ndiye musayembekezere zodabwitsa. Pathumba ajambulapo mphongo ya nyanga zikuluzikulu koma mukawerenga kumbuyo zambiri zomwe zilimo ndi mchere wamba, kashiamu ndi fosifolasi zomwe zimamanga nyanga ndi zochepa. Nyanga zimakula ndi zaka za nyamayo, chakudya chokwanira ndi mtundu wake, amphongo athu ang'onoang'ono akadali ndi tinyanga tawo tomwe tija. Chinanso chondidetsa nkhawa ndi matenda a CWD (chronic wasting disease, matenda owononga ubongo omwe amapha agwape) omwe anapezeka ku LaGrange County konkuno ku Indiana mu 2024, amafala kudzera m'malovu, ndiye kusonkhanitsa nyama zambiri kuti zizinyambita pamodzi sikukundisangalatsanso ngati kale.

Bambo wa sitolo komwe ndinagula mcherewo pogulitsa anandilonjeza nyanga koma za lamulo la nyambo sanatchule olo kamodzi, chonsecho amadziwa kuti ndine mlenje wa konkuno. Nditabwerera ndi thumba lina losatsegula, lisiti lili m'manja, anakana kubweza ndalama ati nthawi inadutsa, m'malo mwake amafuna andigulitse mankhwala ena amadzi okopera agwape. Ndinangotuluka.

Achimwene, ngati mukufuna zithunzi ndi kudziwa agwape omwe ali pamalopo, pitani ku sitolo ya alimi mukagule mchere wa ng'ombe wokhala ndi michere ina ija, thumba la mapaundi 50, musakanize ndi dicalcium phosphate (ufa wokhala ndi kashiamu ndi fosifolasi) pang'ono, muike m'beseni lolimba kutali ndi pomwe mudzasakire. Mtengo wake ndi wotsika kwambiri ndipo agwape anyambita chimodzimodzi. Madola anga kwa bambo uja sapitakonso.