Mkulu wojambula mapulani ku Nchalo, ine ndampatsa nyenyezi 4 mwa 5

Nyumba yathu ku Ngabu takhalamo Okutobala awiri tsopano ndiye ndikhoza kuyankhulapo za mkulu amene anatijambulira pulani, poti ambiri mumandifunsa mukadutsa.

Ine ndinapita kwa iwo ndi zithunzi pafoni, nyumba za ku America za m'ma 1950 zija, zafulati pamwamba, zopanda zokongoletsa zambirimbiri, magalasi okhaokha. Mtima wanga unali pa Farnsworth House, nyumba yagalasi ya katswiri wojambula mapulani Mies van der Rohe yomwe anamaliza mu 1951 ku Plano, Illinois. Mkuluyo anandiuza mosabisa kuti galasi lonselo kuno kuchigwa ndi uvuni, masana a Okutobala mpaka Novembala timafika madigiri 40 nkupitirira, koma anati pali nzeru imodzi yoti tibe pamenepo. Mies anakweza nyumbayo pafupifupi mita 1.6 kuchoka pansi kuopa mtsinje wa Fox, ndipo madzi analowabe mu 1996 ndi 2008, ndiye mkulu wa ku Nchaloyu anati kukweza kokha sikokwanira, tiyambe tayang'ana pomwe madzi amadzera papuloti. Anabwera okha kudzayenda pamalopo, anafunsa ndi agogo oyandikana nafe kuti nthawi ya Freddy mu 2023 madzi anafika pati. Apa ndipomwe anandigwira mtima.

Zakutentha ndiye anazitha heavy. Denga ndi la malata lotsetsereka pang'ono koma anatulutsa khonde lalitali moti dzuwa siligunda khoma, khoma lalifupi ndi limene linayang'ana kumadzulo, mazenera oyang'anizana kuti mphepo izingodutsa, ndipo pabalaza anaika mabuloko obowola aja. Anandionetsa kuti akatswiri ojambula mapulani a ku Britain, Maxwell Fry ndi Jane Drew, anachita zomwezo pa yunivesite ya Ibadan ku Nigeria m'ma 1950, kotenthanso ngati kuno. Masana ana amagona m'nyumba osati pansi pa mtengo, magetsi akathima sitidandaula za fani. Abale, nyumba zakalezi anthu amazifunabe chifukwa anaziganizira, si kukongola chabe ayi.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha ziwiri. Foni sayankha msanga, amisiri anakhala masiku angapo kudikira muyezo wa lintolo. China mabuloko obowolawo sanalembe papulani zoika neti, udzudzu wa kuno mukuudziwa, sabata yoyamba sitinagone ndipo fumbi limalowa, neti tinaika tokha pambuyo.

Konzekeraninso simenti. Dothi lathu lamakande limang'ambika chilimwe nkufufuma dzinja, ndiye anakakamira fawundeshoni yakuya yazitsulo, ndinadandaula kwambiri nthawi imeneyo ndalama zikupita pansi posaoneka koma mpaka lero khoma lilibe mng'alu ngakhale umodzi, pomwe kitchini yapanja yomwe tinamanga tokha popanda pulani yang'ambika kale pakona.

Mukapita kwa iwo nkhani ya neti muiyambe tsiku loyamba lomwelo.