Anki pa foni yanga patatha miyezi 9

Mu Januwale ndinalemba zoyamikira Anki, pulogalamu ya makadi a mafunso imene ambiri ophunzira zaudokotala timalowezera nayo maphunziro. Nthawi imeneyo inali itangotha sabata ziwiri m'foni mwanga. Anzanga akhala akundifunsa ngati ndikadali nayo. Ndikadali nayo, koma kagwiritsidwe ntchito kake kasintha kwambiri.

Kwa amene simunaionepo: kutsogolo kwa khadi kumakhala funso, kuseri yankho. Mukayankha mumadina Again, Hard, Good kapena Easy, ndiye pulogalamuyo imasankha tsiku lodzakufunsaninso. Zimene mwazigwira zimatenga nthawi kuti zibwerenso, zovuta zimabwera mawa lomwe. AnkiDroid, imene ndi Anki ya pa mafoni a Android, ndi yaulere ndipo imagwira ntchito popanda intaneti. Bandulo imangofunika pang'ono potumiza makadi ku AnkiWeb, malo ake osungira pa intaneti, kuti asatayike. Chimenechi ndicho chandisunga. Kalasi ya pa Zoom imadukaduka netiweki ikavuta, vidiyo imodzi imatha bandulo ya tsiku lonse, koma makadiwa ndimawerenga m'minibasi, pamzere wa chakudya, ngakhale usiku magetsi atathima.

Pamene ndinalakwitsa ndi pa makadi olembedwa kale amene ndinakopera kwa mnzanga. Analipo masauzande ambiri, okonzera mayeso a zaudokotala a ku America otchedwa USMLE. Pa physiology ndi pharmacology anandithandiza ndithu, sindingakane. Koma nditalowa kuwodi ya ana, dokotala wamkulu anandiloza mwana wa malungo amene sankadzuka n'kufunsa Blantyre Coma Score yake. Ndinangoti kakasi. Muyeso umenewu unapangidwa kuno komwe ku Blantyre, umayambira pa 0 kufika pa 5, umaona mmene mwana akuyendetsera maso, mmene akulirira ndi mmene akuchitira akamva kuwawa. Wa 2 kapena kutsika ndiye kuti mwana wakomoka. Pa makadi anga onse aja panalibe khadi lake ngakhale limodzi. Zinandipweteka mtima, chifukwa mayi wa mwanayo anali pomwepo akundiyang'ana.

Kuchokera tsiku limenelo ndimalemba makadi anga. Madzulo aliwonse makadi asanu okha, ochokera pa odwala amene ndawaona, popanda mayina awo. Artesunate wa malungo aakulu: 2.4 mg pa kilogalamu iliyonse, koma 3 mg pa kilogalamu iliyonse kwa mwana wosakwana makilogalamu 20, pa ola la 0, 12 ndi 24. Mankhwala a 13A a HIV: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Makadi amenewa sindimawaiwala, chifukwa lililonse limandikumbutsa nkhope ya wodwala. Ndinayambanso kuwonjezera mawu amene amayi amanena okha, monga "akupuma mobanika" kapena "nthiti zikulowa mkati", poti kuwodi palibe mayi amene adzakuuze matenda a mwana wake m'Chingerezi cha m'buku.

Vuto lina ndi la ngongole. Mu Juni tinali ndi maliro kumudzi ndipo ndinakhala sabata ziwiri osatsegula. Pobwera ndinapeza makadi oposa 1,000 akundidikirira, mpaka ndinaganiza zongofufuta zonse. Chimene chinandipulumutsa n'kuimitsa makadi atsopano kwa mwezi wathunthu. Pulogalamuyi imayamba ndi makadi atsopano 20 patsiku. Kwa munthu amene amachezera kuwodi ndi ambiri zedi. Ine ndili pa 8 ndipo zikuyenda.

Kumvetsera chifuwa cha mwana wa chibayo, kupeza mtsempha pa kadzanja kotupa, kulankhula ndi bambo amene wangouzidwa uthenga wowawa, zimenezi foni siinandiphunzitse ndipo sindinayembekezere kuti itero. Mwezi wamawa ndikulowa kuwodi ya amayi oyembekezera. Makadi a mankhwala a magnesium sulphate ndawalemba kale, ena onse adikire odwala amene ndikakumane nawo.