hTERT kapena SV40 large T: iti yotalikitsira moyo wa maselo?

Ma fibroblast a munthu (maselo opezeka m'khungu ndi m'ziwalo zina) amagawikana pafupifupi ka 50, kenaka amaima chifukwa ma telomere (nsonga za ma chromosome) afupika. Wofufuza chitetezo cholimbana ndi mavairasi ali ndi njira ziwiri zoti maselowa asaleke kugawikana: SV40 large T ndi hTERT.

SV40 large T, puloteni ya vairasi ya SV40, imatseka p53 ndi pRb, mapuloteni amene amaletsa maselo kugawikana mwachisawawa. Maselo amakula msanga, koma ma telomere amapitiriza kufupika, ndipo ambiri amadzafa pambuyo pake. Otsalawo ma chromosome awo amasokonekera. Choipa kwambiri, large T yokha imatha kudzutsa majini a interferon (puloteni yolimbana ndi mavairasi) vairasi isanalowe, ndiye zimene mwayeza sizikhalanso zoona.

hTERT, mbali yaikulu ya enzyme ya telomerase, imangotalikitsa ma telomere, p53 osaikhudza. Pa ntchitoyi ndiyo yabwino, ngakhale imachedwa. Lowetsani jini ya hTERT ndi lentivirus (vairasi yonyamula jini), sankhani maselo ndi mankhwala a puromycin, amene amapha maselo omwe jini sinalowe (yambani mwapeza mlingo wochepetsetsa wopha maselo oterowo), kenaka thirani poly(I:C), mankhwala otsanzira RNA ya vairasi, muyerekeze interferon yawo ndi ya maselo oyamba aja osasinthidwa. Pa maselo a epithelium (okuta khungu ndi mkati mwa ziwalo) hTERT yokha nthawi zambiri sikwanira. Puloteni ya p16 imawaimitsa, choncho onjezani jini ya CDK4, yothandiza maselo kugawikana.

Kuno ku Chipata malaiti amapitapita, choncho incubator ya 37°C ndi 5% CO2 ikhale pa inverter, ndipo maselo ena muwasunge msanga mu liquid nitrogen.