Nyimbo zikamadukaduka pa mesh: chingwe, masetingi kapena powerline?

Sipika ikayamba kudula nyimbo, ambiri amathamangira kuyeza liwiro la intaneti, pomwe vuto silikhala pamenepo kawirikawiri. Nyimbo ya mulingo wa CD imangofuna 1,411 kbps, ndipo ngakhale ya 24-bit/192kHz sifika 10 Mbps. Chimene chimasokoneza ndi mesh (wifi ya m'nyumba yofalitsidwa ndi timabokosi tingapo tolumikizana, totchedwa ma node) kumaisamutsa sipikayo kuchoka pa node ina kupita pa ina, kapena kutayika kwa mauthenga a multicast (otumizidwa ku zipangizo zambiri nthawi imodzi) amene AirPlay, Chromecast ndi Spotify Connect amadalira kuti foni ipeze sipika. Njira iliyonse mwa zitatuzi, chingwe, masetingi ndi powerline, tiziiyeza potengera zimenezi.

Chingwe cha Ethernet ndicho chimapambana. Cat5e wamba imanyamula gigabit mpaka mamita 100, ndipo sipika yolumikizidwa nacho ilibe kosamukira. Ngati sipikayo ilibe polowetsa chingwe, chikokeni pakati pa ma node eni ake. Izi zimathandiza kwambiri pa mesh ya ma band awiri (2.4GHz ndi 5GHz), chifukwa node imalandira ndi kutumiza pa wailesi imodzi yomweyo, motero liwiro limatsika pafupifupi ndi theka pa node iliyonse imene deta yadutsa. Amene ali ndi masipika a Sonos asamale: kulumikiza masipika angapo ndi chingwe pa switch (bokosi logawa zingwe za netiweki) yosagwirizana bwino ndi STP (njira yoletsa deta kuzungulira) kungachititse deta kumangozungulira mpaka netiweki yonse kuima. Lumikizani sipika imodzi yokha. Kuipa kwa chingwe n'kodziwika, kuboola makoma.

Kusintha masetingi sikufuna ndalama, koma kumafuna kuleza mtima, ndipo muzisintha chimodzichimodzi kuti mudziwe chimene chathandiza. Yambani ndi ma adiresi a IP, manambala amene chipangizo chilichonse chimapatsidwa pa netiweki. Foni ikakhala pa 192.168.1.x sipika ili pa 192.168.68.x, ndiye kuti rauta ya kampani ya intaneti ndi mesh yanu zonse zikugawa ma adiresi, ndipo foniyo ndi sipikayo sizidzaonana. Kuti chimodzi chokha chizigawa ma adiresi, ikani mesh pa access point mode, kapena rautayo pa bridge mode, n'kuzimitsa wifi ya rautayo. Sipika isakhalenso pa netiweki ya alendo, popeza imeneyo anaipanga dala kuti zipangizo zisamaonane.

Kenako zimitsani fast roaming, ija ya 802.11r yofulumizitsa kusamuka pakati pa ma node, chifukwa masipika ambiri akale saimva. Sipika siyendayenda m'nyumba, ndiye imangirireni pa node yoyandikana nayo. TP-Link Deco ndi ASUS AiMesh zimalola zimenezi. Pa 2.4GHz sankhani tchanelo 1, 6 kapena 11 ndi m'lifupi mwa 20MHz, ndipo kumbukirani kuti microwave ikayaka imasokoneza band yomweyo. Pa 5GHz khalani pa 36 mpaka 48. Matchanelo a DFS, 52 mpaka 64 ndi 100 mpaka 140, rauta imayenera kuwasiya ikamva radar, ndipo nyimbo zimaduka pomwepo. Mphamvu ya siginolo pa malo a sipika isafooke kupitirira -67 dBm. Pomaliza sipikayo ipatseni adiresi yosasintha kudzera pa setingi yotchedwa DHCP reservation. Vuto la njirayi ndi loti mesh zina, monga Google Nest Wifi, sizikulolani kusankha tchanelo kapena kulekanitsa ma band, ndiye zambiri mwa izi simungazichite n'komwe.

Powerline ili pakatikati. Imadutsitsa deta m'mawaya a magetsi, choncho zotsatira zake zimadalira mawaya a nyumbayo. Ma 1000 kapena 2000 Mbps olembedwa pa bokosi musawakhulupirire, ngakhale kuti zochepa zimene mungapeze n'zokwanira nyimbo. Adaputa yake ilowetseni pa soketi ya pakhoma, osati pa ekisitenshoni yoteteza ku magetsi amphamvu, chifukwa imeneyo imasefa siginolo. Machaja otchipa ndi mota ya firiji zimabweretsa phokoso m'mawaya. Nyumba imene ili kale ndi mawaya a coax a TV, ma adaputa a MoCA, amene amadutsitsa deta m'mawayawo, ndi odalirika kuposa powerline.

Nanga kugula node ina? Pokhapokha ngati siginolo ndi yofookadi. Ma node othithikana amangoipatsa sipika malo ambiri osamukira, ndipo pali nyumba zimene nyimbo zimasiya kuduka mukazimitsa node imodzi.