Ndemanga yanga pa minoxidil, finasteride ndi opaleshoni yowokera tsitsi ku Istanbul

Dazi langa linayamba ndili ndi zaka 29. Woyamba kuliona anali wometa wanga kuno ku Leeds, ku Britain. Tsiku lina atamaliza kundimeta anandiikira kagalasi kunkhongo n'kundiuza kuti paliwombo payamba kuwala. Sindinadabwe kwenikweni, chifukwa amalume anga onse awiri ku Kasungu ali ndi dazi, agogo aamuna nawonso anali nalo. Komabe kudziwa kuti chinthu chili kumtundu n'kwina, kuchiona pamutu pako n'kwinanso. Kwathu amati dazi ndi chizindikiro cha chuma, koma ine mawu amenewo sananditonthoze. Ndinayamba kuvala chipewa ngakhale m'nyumba, ndipo pa zithunzi za ukwati wa mlongo wanga ndinkaima kumbuyo kwa anthu.

Mankhwala ndakhala nawo kuyambira 2020, opaleshoni ndinapangitsa mu Marichi 2023. Abale ambiri amandifunsa kumbali, ena mwamanyazi, ndiye ndaona kuti ndingolemba zonse pamodzi, zabwino ndi zoipa zomwe.

Ndinayambira minoxidil wa 5%, wopaka, amene kuno amagulitsidwa mufamase popanda kalata ya dokotala. Mankhwalawa poyamba anali mapiritsi a BP a kampani ya Upjohn, ndipo anthu amene ankamwa anayamba kumera tsitsi ndi cheya chambiri. N'chifukwa chake anawasandutsa opaka pamutu, ndipo ku America anavomerezedwa mu 1988. Amapakidwa kawiri patsiku, mililita imodzi nthawi iliyonse, pakhungu lenileni osati patsitsi. Masabata oyamba ndinatsala pang'ono kuwataya. Tsitsi linathothoka kuposa kale, pilo amachita kuda m'mawa. Wa pafamase anandiuza kuti ndipirire, ndi tsitsi lofooka limene likuchoka kuti latsopano lituluke, ndipo zinalidi choncho. Pofika mwezi wachisanu paliwombo panayamba kuda. Pachipumi mpamene sipanasinthe kanthu, makona awiri aja ankangolowerabe mkati.

Minoxidil wamadzi uja ankandiyabwitsa ndi kundichititsa mfundu. Vuto linali mankhwala ena otchedwa propylene glycol amene amasakanizamo. Nditasinthira wathovu, amene alibe zimenezo, kuyabwa kunatha m'masiku ochepa. Amene muli ndi mphaka panyumba samalani, minoxidil ndi poizoni kwa mphaka, ngakhale kungonyambita pilo kapena dzanja lanu.

Chimene ndinaphunzira mowawa ndi ichi: mankhwalawa sachiza dazi, amangoligwira. Mu 2022 ndinapita kumudzi kumaliro a bambo ndipo ndinakhala miyezi itatu. Botolo limene ndinatenga linatha, ndinayenda m'mafamase angapo ku Lilongwe osawapeza, komanso maganizo anga sanali pa tsitsi. Pobwerera kuno, zimene ndinakolola m'zaka ziwiri zinali zikupita. Ndinayambiranso pachiyambi, kuthothoka kwa masabata oyamba kuja n'kubweranso.

Finasteride ndinamuopa kwa chaka chathunthu ndisanayambe. Awa ndi mapiritsi a 1 mg, limodzi patsiku, ndipo amafuna kalata ya dokotala. NHS, yomwe ndi zipatala za boma kuno, sipereka mankhwalawa pa nkhani ya dazi, ndiye umalipira wekha. Kagwiridwe kake ka ntchito n'komveka. M'thupi la mwamuna testosterone wina (mahomoni a chimuna) amasanduka mahomoni ena otchedwa DHT, ndipo kwa amene tinatengera dazi kumtundu, DHT ameneyu amafinya mizu ya tsitsi la pamwamba pamutu, tsitsi n'kumatuluka lopyapyala, lalifupi, mpaka muzu kusiyiratu. Finasteride amatsekereza kusandukako, DHT m'magazi n'kutsika ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Kampani ya Merck inayamba kumugulitsa mu 1992 ngati mankhwala a 5 mg a prostate, kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo, ndipo wa dazi anabwera mu 1997.

Chimene amuna tonse timafunsa monong'ona ndi za kuchipinda. Ndinena zanga. Mwezi woyamba ndi wachiwiri chilakolako chinatsika, ndipo ndinawauza mayi a kunyumba poyera m'malo mobisa. Iwo anati, "Bambo a mwana, tsitsi si limene ndinakwatiwa nalo, mukaona kuti sizikuyenda musiye." Tinagwirizana kudikira mwezi umodzi wina, ndipo zinabwerera mwakale. Ena sizibwerera msanga, ndipo alipo amene amadandaula kuti vutolo linapitirira atasiya kale kumwa. Mu 2024 bungwe loona za mankhwala kuno ku Britain, la MHRA, linalamula kuti m'mapaketi muzikhala kakhadi kochenjeza za kukhumudwa, maganizo ofuna kudzipha ndi mavuto a kuchipinda. Musachitenge mwachibwana. Ngati munadwalapo matenda a maganizo, muuzeni dokotala musanameze piritsi loyamba. Mayi woyembekezera asakhudze piritsi losweka, chifukwa lingathe kuwononga ziwalo zobisika za mwana wamwamuna ali m'mimba. Komanso mukamakayezetsa PSA, kuyeza magazi kofufuza matenda a prostate, nenani kuti mumamwa finasteride, poti amatsitsa nambala ija ndi theka, dokotala angathe kuona ngati zonse zili bwino pomwe sizili.

Kwa ine finasteride ndi amene anagwira ntchito yaikulu kuposa zonse. Patatha chaka kuthothoka kunaima. Pa nyenyezi zisanu ndimam'patsa zinayi, minoxidil zitatu ndi theka chifukwa cha chintchito chopaka m'mawa ndi madzulo moyo wako wonse.

Tsopano za opaleshoni, zimene ambiri mukufuna kumva. Ine ndinakulira pa fodya, ndiye dokotala wa khungu kuno atandifotokozera ndinamva msanga: ndi kuwokera basi. Nkhongo ndi m'mbali mwa mutu ndiye nazale. Mizu ya kumeneko simva DHT, n'chifukwa chake ngakhale nkhalamba ya dazi lofika kumbuyo imakhalabe ndi kampanda ka tsitsi kuzungulira makutu. Ukazula muzu kumeneko n'kukaubzala pachipumi, umapita ndi khalidwe lake lomwelo. Dokotala wa ku New York, Norman Orentreich, ndi amene anafalitsa mfundo imeneyi mu 1959, ngakhale Shoji Okuda wa ku Japan anali atawokerapo kale tsitsi m'ma 1930. Kusiyana kwake ndi fodya n'kwakuti nazale iyi sufesanso. Pamene pazulidwa sipameranso. Palibe tsitsi latsopano limene opaleshoni imakupatsa, imangosamutsa lomwe uli nalo kale, ndipo likatha latha.

Ndinasankha Istanbul chifukwa cha mtengo. Kuno anandiuza ndalama zoposa kawiri zimene ndinalipira kumeneko, pomwe kumeneko zinaphatikizapo hotelo, galimoto yodzanditenga pabwalo la ndege ndi womasulira. Kuchoka ku Manchester ndi ulendo wa maola anayi. Njira zake zilipo ziwiri. Ya FUT amadula kachikopa kakatali kunkhongo, n'kusoka, chipsera chake n'kukhala mzere. Ya FUE amazula timagulu ta mizu kamodzikamodzi ndi kachitsulo koboola kosakwana kapena kongokwana milimita imodzi, kagulu kalikonse kali ndi tsitsi limodzi mpaka anayi. Ine ndinapanga FUE, timagulu 2,800.

Malowo anali aukhondo, anthu ake aulemu, womasulira sanandisiye ndekha. Anayamba ndi kundiyeza magazi, kenako kundimeta mpala. Jakisoni wa dzanzi ndiye anapweteka, mphindi khumi zoyambazo misozi inatuluka yokha. Zitatero sindinamvenso kanthu koma phokoso la kamakina, maola asanu ndi atatu, theka lake nditagona chafufumimba.

Dandaulo langa lalikulu ndi ili. Dokotala amene ndinkalankhula naye pa foni ndisanapite ndinamuona mphindi zosakwana makumi awiri. Anajambula mzere wa pachipumi, anatsegula timabowo tobzalamo, n'kupita kuchipinda china kumene kunali wodwala wina. Kuzula ndi kubzala anachita ndi anyamata ndi atsikana omuthandiza. Palibe anandiuza zimenezi ndisanalipire, ndipo ineyo sindinafunse. Kwa munthu wa tsitsi lowongoka mwina si nkhani yaikulu, koma lathuli ndi lopotana, ndipo kupotanako sikuthera pamwamba, muzu nawo ndi wokhota pansi pa khungu ngati mbedza. Kachitsulo kowongoka kakalowa m'manja mwa munthu wosazolowera kamadula muzu pakati, ndipo muzu wodulidwa watayika, kunazale kulibe, kumunda sukamera. Ola loyamba ndinamva akukambirana m'chinenero chawo, kenako anasintha kachitsulo n'kutenga kokulirapo. Womasulira anangoti tsitsi langa ndi lovuta. Mpaka lero ndimaganiza za mizu imene inawonongeka mu ola limenelo.

Choncho m'bale wanga, usanatumize ndalama funsa kuti adzazule ndani, wazulapo mitu ingati ya anthu akuda, ndipo akuonetse zithunzi za nkhongo zawo patatha chaka, osati za pachipumi zokha. Funsanso kuti dokotalayo amakhala ndi anthu angati patsiku. Ngati thupi lako limatupa zipsera, monga amachitira ena akaboola makutu kapena akatemedwa, kapena uli ndi tiziphuphu touma tija ta kunkhongo tobwera ndi kumeta, kaonane kaye ndi dokotala wa khungu. Ife akuda zipsera zotupazi zimatigwira kwambiri kuposa azungu. Dokotala wa kuno anandiyang'ana thupi lonse, mpaka chipsera cha katemera paphewa. Ku Istanbul palibe anandifunsa.

Masiku khumi oyamba ndi ovuta. Umagona chokhala, kapilo m'khosi, kuopa kukhudza mbande. Tsiku lachitatu kutupa kunatsika kuchoka pachipumi kufika m'maso, mwana wanga anachita kundithawa. Kuyabwa kwake kosaneneka, koma kukanda n'koletsedwa. Nkhanambo zinayoyoka pofika tsiku la 12. Kenako sabata yachitatu tsitsi lonse lowokeredwa lija linathothoka. Anali atandichenjeza kuti zimatero, muzu umatsala m'kati, komabe mtima unandipweteka poona mutu uli mbee ngati sindinapite n'komwe. Mwezi wachinayi kunatuluka tiziphuphu ta mafinya, tsitsi lopotana likulephera kuboola khungu. Ndinatumiza zithunzi pa WhatsApp monga anandilonjezera kuti azindiyankha nthawi iliyonse, yankho linabwera patatha masiku anayi, lili loti ndigule shampu yawo. Anandithandiza ndi dokotala wanga wa kuno, amene anandipatsa mankhwala opha tizilombo. Mashampu ndi mavitamini amene anandigulitsa pochoka sindinaone phindu lake.

Mwezi wachisanu ndi chimodzi mpamene ndinayamba kumwetulira pagalasi. Pofika chaka ndi miyezi itatu chipumi chinali chitabwerera, makona aja atatsekeka. Apa tsitsi lathu lili ndi mwayi wake: chifukwa chopotana limaphimba malo aakulu, ndiye mizu yochepa imaoneka ngati yambiri. Kumanzere kunadzaza bwino, kumanja n'kopyapyala pang'ono, ndipo ndikukhulupirira kuti kumeneko n'kumene kunapita mizu ya ola loyamba lija. Anthu sazindikira, wometa wanga yekha ndi amene amadziwa. Chipewa ndinasiya, ndipo chaka chatha nditapita kumudzi mayi anandigwira kumutu n'kunena kuti ndafanananso ndi chithunzi cha ku sekondale.

Pali mtengo wina umene sanaulembe pa risiti. Kunkhongo kwanga kuli timadontho toyera masauzande, pamene panazulidwa mizu. Tsitsi likakhala lotalikirapo sitioneka, koma pakhungu lakuda, ukameta kwambiri, timachita kuwala. Kutanthauza kuti mpala sindingametenso. Izi zimandikhudza, chifukwa kwa mwamuna wakuda mpala ndi pothawira pabwino, ambiri amaoneka bwino nawo, ndipo sulira ndalama. Ine khomo limenelo ndinadzitsekera ndekha. Wachinyamata wa zaka 24 amene dazi lake likuthamangabe aganizire kawiri, chifukwa akawokera kutsogolo lero, la kumbuyo kwake lipitiriza kugwa, n'kutsala ndi kachilumba ka tsitsi pachipumi, nazale itatha. N'chifukwa chake ine finasteride ndi minoxidil ndikupitirizabe ngakhale ndinapanga opaleshoni. Lowokeredwa silifuna mankhwala, koma lakale lozungulira limafuna.

Kwa alongo athu nkhani ndi ina. Mlongo wanga tsitsi linatha m'mbali mwa chipumi chifukwa cha mameshi ndi kuluka kothina kwa zaka zambiri, ndipo anafuna kumwa mapiritsi angawa. Ndinamuletsa. Vuto lake si DHT, ndi kukoka, ndipo atasiya zothinazo n'kuyamba minoxidil mouzidwa ndi dokotala, mbali ina inabwerera. Pamene panakhala zaka zambiri mpaka khungu kusalala sipanamerenso. Chimodzimodzi zigamba zozungulira zobwera mwadzidzidzi, kapena zipere za ana, zimenezo zili ndi mankhwala ake ena.

Opaleshoni yeniyeniyo ndikuipatsa nyenyezi zinayi, malo amene ndinapitawo ziwiri ndi theka. Ndikanati ndibwerere mu 2023 ndikanapangabe, koma ndikanasunga ndalama chaka china chimodzi n'kupita kwa dokotala amene amazula yekha ndipo anazolowera mitu ngati yanga. Paliwombo sindinawokerepo, mankhwala akupagwirabe, ndipo mizu yotsala kunkhongo ndikuisungira pomwepo ngati padzafunike ndikadzafika zaka 50.